Kulowana kapena chinkhoswe: mwamuna akamwalira, watsala ndani ndi katundu?

Kuno ku Ntcheu, makamaka m'misika ngati Lizulu ndi Tsangano, mabanja ambiri ndi ongolowana. Awiri amachita lendi nyumba, nayamba geni ya mbatata, ana nabadwa, ankhoswe osadziwa kanthu.

Wachinkhoswe savutika kutsimikiza kuti ndi mkazi wa malemu. Ankhoswe a mbali zonse alipo, mfumu ikudziwa, ndipo lamulo la chuma cha masiye la 2011 limaika mkazi kapena mwamuna wotsala pamodzi ndi ana patsogolo ngati malemu sanasiye wilo.

Wolowana sanatayidwe ayi. Gawo 22 la malamulo aakulu a dziko lino limavomereza ukwati wotere, ndipo lamulo la maukwati la 2015 linafotokoza njira yake. Koma njirayo imadzera kukhoti. Woweruza amafuna zaka zosachepera 5 muli limodzi, amaona ngati munkagona nyumba imodzi, kuthandizana pa ndalama, kulera ana, komanso ngati anthu ankakutchulani kuti banja. Tangoganizani mayi wamasiye, misozi isanaume, akusaka mboni pomwe alamu ake ayamba kale kuwerenga malata ndi mbuzi! Amene akhala zaka zitatu zokha ndiye ali pamavuto enieni.

Ana okha ndiwo salowa m'mpikisanowu: wobadwira m'chinkhoswe ndi wobadwira kolowana ali ndi gawo pa chuma cha bambo awo.

Ine ndimaona kuti chinkhoswe n'chotchipa kuposa mlandu. Amene safuna mwambo alembe wilo, pali mboni ziwiri, atchulemo mnzakeyo ndi dzina.