Mmisiri amene anandikonzera nyumba yong'ambika ku Kalongwezi

Ndilembeko za abambo ena amene anandikonzera nyumba, poti tilipo ambiri muno mu Chipata amene tikumanga ndi ndalama zokhetsera thukuta koma mvula ikangoyamba misozi. Dzina sinditchula, iwowo sakonda zotchulidwa pa Facebook.

Nyumba yanga ndi ya zipinda zitatu, pamalo otsetsereka pang'ono, mukudziwa Chipata yathu mapiri mbali zonse. Womanga woyamba anamaliza mu Okutobala ine nkumupatsa zake zonse mpaka ngwee yomaliza tsiku lomwelo. Mvula ya Disembala ndiyo inaulula zonse. Mng'alu kuyambira pakona ya windo kutsika ngati masitepe mpaka pansi, khoma la kumtunda lonyowa kufika m'mawondo, penti ikusendeka, chitseko cha kukhitchini osatsekeka. Ndikamuimbira ankangodula foni, kenako ziii.

Amalume ndi amene anandibweretsera abambowa. Tsiku loyamba sanasakanize matope ayi, ine mtima unali phaphapha kufuna angomata mng'aluwo alendo asamaone, iwo akuti mayi kumata sikuvuta koma tidziwe kaye ngati khomali likuyendabe. Anamata kasimenti pang'ono modutsa mng'alu malo atatu, nkulemba deti ndi pensulo pambali pake. Patatha masabata awiri kasimenti kaja kanali katang'ambika malo awiri, ndiye kuti fawundeshoni ikutitimirabe.

Atakumba m'mbali ndi pomwe ndinakhala pansi. Fawundeshoni yosazama, pakona pamene pakutitimirapo inakhala pa dothi lothira, osati lolimba. Pulasitiki yotchinga chinyezi mulibe, brickforce (waya uja woyala pakati pa mizere ya mabuloko kuti khoma lilimbe) mulibe, chonsecho ndinagula ndekha zonsezi ndipo malisiti ndili nawo mpaka lero. Anatenga msomali nkukanda buloko, mchenga wokhawokha kuyoyoka. Anandifotokozera kuti thumba la simenti la makilogalamu 50 ukaliumiriza kutulutsa mabuloko ochuluka mapeto ake ndi amenewa, kaya ndi Dangote kaya Chilanga vuto si simenti koma manja osakaniza, komanso mabuloko osathiridwa madzi akangoumbidwa amauma msanga osalimba.

Chimene ndawakondera kwambiri anayambira madzi osati khoma. Anakumba ngalande kumtunda kuti madzi ochokera kuphiri azilambalala nyumba, anathira konkire kuzungulira khoma lonse motsetsereka kunja, kenako ndi pomwe analowa pansi pa fawundeshoni, kukumba pafupifupi mita imodzi, kuthira konkire, kusiya ilimbe, nkudumpha kukakumba kwina. Akuti ukakumba ponse nthawi imodzi khoma likugwera. Mng'alu uja anausoka ndi zitsulo pomaliza penipeni. Ndipo pa nkhani yothira madzi pa konkire samasewera, masiku 7 m'mawa ndi madzulo, tsiku lina anabwera Lamulungu atachoka kutchalitchi kudzangoona ngati mwana wanga wathira.

Zodandaula zilipo. Ndi ochedwa, ntchito imene anati masabata atatu inatenga pafupifupi asanu, ena chifukwa cha mvula koma ena anali ndi ntchito ina ku Kapata osandiuza. Mtengo wawo ndi wokwera kuposa anyamata ambiri, ndipo kuti alembe koteshoni papepala ndinachita kuwakakamiza. Alibenso mapepala a National Council for Construction, bungwe lolembetsa makontilakita muno mu Zambia, anandiuza okha osabisa, ndiye amene mukumanga zosanja kapena mashopu akuluakulu funani kontilakita wolembetsa ndi injiniya, awa ndi a nyumba zathu zokhalamo.

Chinyezi nachonso sichinathe chonse. Ananeneratu kuti pulasitiki imene inasiyidwa pansi pa silabu sangaibwezere popanda kuswa, angochepetsa. Zinandiwawa kumva koma bola zoona kusiyana ndi kundinamiza ngati uja.

Pa malipiro ndi iwo amene anati mayi musandipatse zonse, sungani gawo limodzi mwa magawo khumi mpaka mvula ithe mu Epulo, mukaona mng'alu wabwerera ndidzakonza ndi ndalama yanga. Ine sindinkadziwa nkomwe kuti zimatheka kutero. Panopa tili pakati pa dzinja, mvula yagwa yamphamvu kangapo, chitseko chikutseka bwinobwino ndipo posokedwa paja sipanatsegukenso. Pakona imodzi ya kuchipinda cha ana pakunyowabe pang'ono, ndawaimbira dzulo ayankha, akuti abwera Loweruka kudzaona gatala.