Nyumba ya lendi pa chilumba cha Makhanga: patha miyezi 14, khoma likutulukabe mchere

Sabata yatha eni nyumba atumiza uthenga kuti lendi ikwera kuyambira Januwale. Tsiku lomwelo mnzanga amene wasamutsidwira kuno pa ntchito anaimba foni. "Achimwene, nyumba munkaiyamikira ija ikadali bwino? Ndifune yotero?" Ndiye ndati ndilembenso, chifukwa zimene ndinanena nditangolowa zinali za munthu amene anali asanaone dzinja la kuno.

Makhanga ili m'boma la Nsanje, kwa Mfumu Yaikulu Mlolo, kufupi ndi Chiromo komwe mtsinje wa Ruo umathira mu Shire. Msewu ndi njanji zochokera ku Bangula zinaduka pa Mtayamoyo mu 1997, ndipo madzi osefukira a mu Januwale 2015 atapatutsa Ruo, malowa anasanduka chilumba. Katundu wochokera ku Bangula, kaya ndi bedi kaya thumba la simenti, amawoloka pa boti. Sungani mfundo imeneyi, chifukwa nkhani ya ndalama yagona pamenepo.

Nyumbayi ndi ya zipinda ziwiri ndi balaza, njerwa zootcha, malata, pansi pa simenti. Denga silidontha. Waya wa gozi wa m'mawindo wathandiza kwambiri pa udzudzu wochokera ku madambo, ngakhale neti siyosiya. Sola ya mawati 100 ndi batire imodzi zimakwanira mababu anayi, mafoni ndi fani yaing'ono mpaka pakati pa usiku. Chimbudzi anachimanga pamulu ndipo dzenje lake analiyala njerwa, motero chinapirira dzinja lonse pomwe za anansi awiri zinatitimira. Siling'i mulibe, ndipo mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kukapitirira madigiri 40, m'nyumba simukhalika mpaka dzuwa litalowa. Koma izo ndi za Chigwa chonse cha Shire, si mlandu wa nyumbayi.

Mlandu wake ndi khoma. Mvula itayamba mu Disembala, m'munsi mwa makoma munayamba kuda ngati pathiridwa madzi, mpaka m'mawondo. Pofika Febuluwale penti inatupa matuza. Ukadina ndi chala, thuza limaphulika n'kutulutsa ufa woyera. Ukaulawa, mchere weniweni. Ukagogoda pulasitala ndi chakumbuyo kwa supuni imalira phwo phwo, kusonyeza kuti yalekana ndi njerwa. Sutikesi imene inatsamira khoma la kuchipinda inamera nguwi, thumba la ufa linaumbika zibuma pasanathe milungu iwiri, ndipo miyendo ya kabati inafufuma.

Gwero lake silovuta kulimvetsa. Madzi a pansi kuno ali pafupi, ndipo m'malo ambiri a m'Chigwa ndi amchere. Ndi chifukwa chake mijigo ina anthu amangochapira koma samwa. Njerwa imayamwa madzi ngati nsalu yoviikidwa nsonga m'beseni. Madziwo amakwera, n'kuuma ndi dzuwa, mchere n'kutsalira mkati mwa pulasitala, ndipo ukamaundana umaikankha mpaka kuisomphola. Chomwe chimaletsa zimenezi ndi pulasitiki yakuda yokhuthala imene amisiri amati DPC, yomwe imayalidwa pamwamba pa maziko, masentimita 15 kapena kuposa kuchokera padothi la panja. Nditakanda pamzere wa njerwa kuseri kwa nyumba ndinapeza kuti mulibe. Kuwonjezera apo njerwa anazimanga ndi dothi, osati simenti, denga linangotulukira pang'ono moti mvula imathera pakhoma, ndipo matope obwera ndi madzi osefukira anakweza bwalo mpaka kufanana ndi pansi pa nyumba.

Eni nyumba sanakane kukonza, ndipo apa ndiwayamikire. Anatumiza mmisiri mu Epulo. Iye anamata pulasitala yolimba, thumba limodzi la simenti pa wilibala imodzi ndi theka ya mchenga, n'kupaka penti yamafuta yakuda m'munsi monse. Maonekedwe ake anali osangalatsa. Koma pulasitala yolimba ndi penti yamafuta zimatseka khoma kuti lisapume, ndiye chinyezi chimakwera kukafuna potulukira. Pofika Julayi, kunja kuli gwaa, mzere woyera unatulukira pamwamba pa penti yakuda ija, m'chiuno. Anabweranso n'kukweza pentiyo. Lero mchere uli pafupi ndi mawindo.

Kakonzedwe koyenera kalipo, ndipo nyengo yake ndi Seputembala kapena Okutobala. Gumulani pulasitala mkati ndi kunja mpaka masentimita 30 kupitirira pomwe pathera chinyezi. Siyani njerwa pamtunda milungu itatu kapena inayi, mukumasesa mcherewo ndi burashi youma. Osatsuka ndi madzi, chifukwa mchere umasungunuka n'kubwerera m'njerwa. Pomata, sakanizani muyeso umodzi wa simenti, umodzi wa laimu ndi isanu ndi umodzi ya mchenga: thumba la simenti la makilogalamu 50, thumba la laimu la makilogalamu 25 ndi mawilibala atatu. Mchenga ukhale wosefa, madzi akhale a pamjigo wosawawa. Muyeso umenewu, pa kukhuthala kwa mamilimita 15, umakuta pafupifupi masikweya mita 12, ndiye nyumba ngati ino imadya matumba asanu a simenti ndi asanu a laimu. Pamwamba pakeni laimu, osati penti yamafuta. Panja, chotsani dothi kuti bwalo litsike ndi masentimita 15 kuyerekeza ndi pansi pa nyumba, ndipo kumbani ngalande yotaya madzi a padenga kutali. Izi zimachepetsa vutolo. Kulithetseratu kumafuna kulowetsa DPC, kuchotsa mzere umodzi wa njerwa mita imodzi imodzi, kuyala pulasitiki molumikizana n'kumanganso. Pa khoma lomangidwa ndi dothi ntchito imeneyi imafuna mmisiri wodekha, apo ayi khoma ling'aluka.

Apa m'pamene tinasiyana maganizo ndi eni nyumba. Simenti yokha inakwera kwambiri kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo thumba lililonse limalipira kabaza kukafika pa Mtayamoyo, boti, kenako ngolo kutsidya kuno. Nditawerengera zonse pamodzi ndi mmisiri, zinakwana lendi ya miyezi isanu. Ndinapempha kuti ndikonze ndekha, tizidula pa lendi. Bambowo anayankha modekha: "Mwana wanga, nyumba iyi yaona namondwe Idai, yaona Ana, yaona Freddy. Boma likutiuza kuti tisamukire kumtunda. Ndithire ndalama m'khoma loti mawa Ruo adzalitenga?" Mawu awo ndikuwamva, ndipo si munthu woipa. Chimene chikundiwawa n'choti pomwe akukana kukonza, akukwezanso lendi, ndipo pa miyezi itatu imene ndinalipiriratu polowa sitinalemberane kalikonse.

Mukandifunsa mu Juni, kukuzizirira, mlamba ndi makakana zili mbwee pamsika, mbatata ndi chimanga cha kudimba zili zotsika mtengo, ndingakuuzeni kuti nyumbayi ndi yabwino ndipo sindingaisiye. Mukandifunsa mu Febuluwale, zovala zikununkha nguwi, yankho limasintha.

Kwa mnzanga uja ndinati: musayang'ane penti. Nyumba zabwino kuno n'zochepa ndipo zimapezeka kudzera mwa anzanu a kuntchito ndi anthu a kutchalitchi, ndiye chiyeso chongolowa chimakula. Pitani kuseri, muwerenge mizere ya njerwa kuchokera padothi kufika pakhomo. Ikachepera itatu, ganizani kawiri. Fufuzani mzere wa matope umene madzi osefukira anasiya pakhoma kapena pamitengo, ndipo funsani anansi pomwe madzi a Freddy anafika mu Malichi 2023. Kandani pamzere woyamba muone ngati pulasitiki ilimo. Lawani madzi a pamjigo wapafupi. Penti yakuda yatsopano yofika m'chiuno ikudziwitseni kuti pali chimene chabisika. Ndipo musanapereke ndalama, lemberanani pamaso pa a nyakwawa kuti zokonza zikhala za yani.

Ineyo ndawayankha eni nyumba kuti lendi yatsopanoyo ndivomera ngati tilemberane kuti matumba khumi aja ndi ngalande tidula pa lendi, theka theka mwezi uliwonse. Akakana, ndituluka kumapeto kwa Disembala mvula isanalimbe, boti likadawoloka ndi katundu bwinobwino.