Chipinda cha wodwala mmodzi m'wodi yokonzedwa kumene: zabwino zake ndi zotsalira

M'chipatala china mmene ndinadikirira m'bale wanga atachitidwa opaleshoni, wodi yonse anaikonzanso, ndipo zikuoneka kuti ojambula mapulani anayamba afunsa odwala ndi anamwino. Zenera n'lotsika, ndipo bedi analiika moti wodwala amaona panja ali chigonere. Izi zili ndi phindu lenileni, pakuti kafukufuku wa Roger Ulrich, wosindikizidwa m'magazini ya Science mu 1984, anapeza kuti odwala ochotsedwa ndulu amene ankaona mitengo pazenera ankatuluka msanga, komanso sankafuna kwambiri mankhwala amphamvu opha ululu poyerekeza ndi anzawo amene ankangoyang'ana khoma la njerwa.

Chimene ndinachiyamikira koposa ndi njira yochoka pabedi kupita kuchimbudzi, popeza odwala ofooka amagwa kawirikawiri pamenepa, makamaka usiku akafuna kudzithandiza osavutitsa munthu. Chimbudzi chili mbali yomweyo ya kumutu kwa bedi, chitsulo chogwirira chikuyenda m'khoma mpaka pakhomo, pansi sipoterera ngakhale patanyowa, ndipo chitseko n'chosendeza m'mbali, kotero kuti munthu atagwa mkati, thupi lake silingatchinge khomo anamwino pofuna kulowa. Khomolo n'lotakata mokwanira njinga ya olumala pamodzi ndi chitsulo chopachikapo diripi. Sinki yosambira m'manja ili polowera, pamalo poti wodwala amaona yekha ngati adokotala asamba asanamugwire.

Koma usiku chipindachi chimakhumudwitsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization linalangiza mu 1999 kuti phokoso la m'wodi lisamapitirire madesibelo 30 (desibelo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso), koma muno makoma ndi denga n'zolimba moti kulira kwa makina a diripi ndi mawilo a matirole a m'khonde zimamveka ngati zili pamtsamiro. Batani lozimitsira getsi lalikulu lili kutali ndi bedi, chinthu chodabwitsa kwa anthu amene anaganiza mozama chotero za chimbudzi.

Wodikirira wodwala ndiye anaiwalika kotheratu. Anamuikira mpando wowuma wosapendekeka, wopanda poika miyendo, chonsecho ndiye amatembenuza wodwala, kumumwetsa madzi ndi kuitana anamwino zinthu zikasintha. Malo alipo pansi pa zenera okwana benchi yofutukuka n'kukhala kabedi, ndipo kuiika sikungafune kugumula khoma lililonse.