Migolo ya Chardonnay imene ndimailera ku Pfalz

Abale ndi anansi akumudzi, ambiri mwa inu mwakhala mukundifunsa za ntchito imene ndimagwira kuno ku Germany, popeza ndikanena kuti ndikuphunzira ulimi wa mphesa ena mumaganiza kuti ndimangokhalira kulawa vinyo. Ndili m'chaka chachitatu cha maphunziro a ntchito amene kuno amawatcha Ausbildung, pa munda wa banja lina m'chigawo cha Pfalz, kufupi ndi mzinda wa Neustadt an der Weinstraße. Gawo limene andisiyira m'manja ndi migolo 18 ya vinyo woyera wa Chardonnay, imene ili m'chipinda chozizira chapansi pa nyumba.

Mphesa za Chardonnay ndi zobwera kuno, monga ine ndemwe. Kwawo ndi ku Burgundy m'dziko la France, ndipo boma la Germany linaziloleza m'chaka cha 1991, ngakhale kuti lero zadzaza mahekitala opitirira 2,000, makamaka m'chigawo cha Rheinhessen ndi kuno ku Pfalz. Eni nthaka ndi mphesa za Riesling, ndipo bambo okalamba a pakhomo pano amaitchulabe Chardonnay kuti mlendo. Amene anaumirira kuibzala ndi mwana wawo wamkazi, amene tsopano ndiye abwana anga. Iwo anaphunzira za vinyo pa sukulu ya ukachenjede ya ku Geisenheim kuno ku Germany, nakagwirako ntchito ku Burgundy, ndipo pobwerera anaona kuti nyengo yotentha yayamba kutalika, komanso kuti mbali ina ya munda ili ndi miyala ya njereza imene mphesa zimenezi zimaikonda.

Mgolo umene ndikunenawu musauyerekeze ndi wachitsulo uja timasungiramo madzi kwathu. Uwu ndi wamatabwa a mtengo wa oki, amene amaumitsidwa panja pamvula ndi padzuwa kwa zaka ziwiri kapena zitatu, kenako mmisiri amawapinda pamoto nawawaula mkati mwake. Kuwauka kumeneko ndiko kumapatsa vinyo kafungo ka vanila ndi ka buledi wongophulidwa kumene. Mgolo waung'ono wotchedwa barrique umalowa malita 225, pamene makolo a kuno ankagwiritsa ntchito chimgolo cha malita 1,200 chotchedwa Stückfass, chimene chikakalamba sichisiya fungo la mtengo m'vinyo. Matabwa ena amachokera ku nkhalango za ku France, ena ku Pfälzerwald, nkhalango imene ndimaiona ndikaima pakhomo.

Poyamba ndinkayesa kuti vinyo wapamwamba ndi amene akununkhira mtengo kwambiri, chifukwa mgolo watsopano ndi wokwera mtengo zedi. Abwana anandilawitsa botolo lakale la pamene a kuno anangoizolowera migoloyi, ndipo kunena zoona linkamveka ngati ukutafuna thabwa lopakidwa batala. Iwo safuna zimenezo. Pa migolo inayi iliyonse, watsopano umakhala umodzi wokha, ndipo ina ndi ya malita 500 kuti vinyo asakhudzane kwambiri ndi thabwa. Amati mtengo uzikhala ngati mchere m'ndiwo, woti munthu azingouzindikira ukasowa, ndipo ine ndafika povomerezana nawo.

Timathyola mphesa mu September, tikafinya timathira madzi ake m'migolo ali a mbuu, ndipo amawirira momwemo. Ukaika khutu pachibowo cha pamwamba umamva kuti tsiii, monga mowa wa masese ukamawira mumbiya, koma mpweya umene umatulukawo ndi wakupha chifukwa ndi wolemera ndipo umadikha pansi. Kale ankatsika ndi kandulo, ikazima n'kuthawa. Lero pali makina oliza belu ndi ena okokera mpweyawo kunja. Kuwira kukatha, yisiti yakufa imadikha pansi n'kukhala nsenga, zimene kwathu tikanazitaya. Kuno ndiye chuma, ndipo ntchito yanga ndi kulowetsa kandodo kachitsulo kokhota m'chibowo ndi kutakasa pang'onopang'ono kufikira vinyo atachita ngati mkaka, chifukwa nsengazo zimamuteteza ku mpweya ndi kumupatsa thupi, ndiko kuti azimveka wolemerera m'kamwa. Pambuyo pake tizilombo tina timasandutsa kuwawasa kwakuthwa konga kwa apozi wosapsa kukhala kofewa konga kwa chambiko.

Chimene chinandichititsa manyazi ndi ichi. Thabwa limapuma, choncho vinyo amaphwera pang'onopang'ono, ndipo mgolo uliwonse uyenera kuwonjezeredwa kuti ukhale wodzaza mpaka pakamwa. M'nyengo yachisanu ya chaka changa chachiwiri, tili kalikiliki kudulira mitengo ya mphesa kumunda zala zitauma ndi kuzizira, ndinaiwala mgolo umodzi umene unali kuseri kwa chipilala kwa milungu yoposa isanu. Tsiku limene abwana anautsegula, sanalankhule kanthu; anangotunga ndi kachubu kagalasi, nathira m'tambula, n'kundipatsa. Vinyoyo anali atada ngati tiyi wosalowerera, ndipo ankanunkha apozi wogwa pansi ndi kaviniga patali. Ndinayembekezera kukalipiridwa monga zimakhalira kwathu, koma iwo anangondipatsa choko n'kunena kuti kuyambira tsiku limenelo ndizilemba deti pamutu pa mgolo uliwonse ndikauwonjezera. Malita 225 amenewo sanalowenso m'gulu la vinyo wabwino, ndipo kufatsa kwawoko kunandipweteka kuposa mawu.

Vinyo wa chaka chathachi akadali m'migolo tsopano lino. Lachisanu lapitali tinalawa mgolo ndi mgolo, ndipo abwana anandifunsa kuti ndisankhe umene ndikuuona kuti waposa yonse. Ndinaloza wakale wa malita 500, umene vinyo wake amamveka ndimu ndi mtedza wokazinga, kenako kamchere kotsalira kukhosi. Anagwedeza mutu nalemba nambala yake m'kabuku kawo. Tidzamutsanulira m'thanki yachitsulo mu August kuti migolo ipeze malo a mphesa zatsopano, ndipo adzalowa m'mabotolo chisanu chikadzatha, ine nditalemba kale mayeso anga omaliza. Abwana alonjeza kundisungira mabotolo awiri, ndipo limodzi ndidzabwera nalo kumudzi kuti amalume, amene amati vinyo ndi thobwa la azungu, adzalawe okha.