Tripod ya Manfrotto 190 pa mlatho wa Nelson Mandela usiku

M'mwezi wa June, chisanu cha ku Joni chitafika pachimake, ndinanyamula tripod (choimikapo kamera cha miyendo itatu) ya Manfrotto 190 pamodzi ndi makamera awiri, Pentax K1000 ya filimu ndi Nikon D750 ya dijito, n'kukaima pa mlatho wa Nelson Mandela ku Braamfontein dzuwa litangolowa. Mlathowu unatsegulidwa mu 2003 ndipo umadutsa pamwamba pa njanji zoposa 40. Minibasi zikamathamanga, munthu amamva kunjenjemera kumapazi, choncho ndi malo oyenera kuyeserapo miyendo itatu imeneyi.

Tripod yotchipa imene ndinagula kale m'sitolo ina m'tauni inkagwedera ndi kamphepo kalikonse, moti magetsi a nsanja ya Hillbrow ankatuluka pachithunzi ngati nyongolotsi. Ya Manfrotto iyi ndi ya aluminiyamu, imalemera pafupifupi makilogalamu awiri musanaikepo mutu wake, ndipo zotsekera miyendo zimagwira mosavuta ngakhale zala zitauma ndi kuzizira.

Kamera ya dijito sinandivutitse. Ndinaika ISO (muyezo wa mphamvu ya kamera yolandira kuwala) pa 100, ndinajambula kwa masekondi 10, ndipo pomwepo ndinaona magetsi ofiira a galimoto atalemba mizere yowongoka pamsewu. Nkhani inakula pa filimu. Pa K1000, mukafuna kupitirira sekondi imodzi mumaika pa B, pamene kamera imajambulabe mpaka mutasiya kudina, n'kugwira kachingwe kodinira, ndipo filimu ikaunikiridwa nthawi yaitali mphamvu yake yolandira kuwala imachepa, kotero kuti pa filimu ya Ilford HP5 Plus masekondi 10 amene mita yoyezera kuwala yanena amayenera kukhala pafupifupi 20. Ndinkawerenga chamumtima, mnzanga wa ku Mulanje akuyang'anira zikwama, pakuti pamalopo munthu sayenda yekha usiku ndi katundu wodula. Masekondi onsewo kamera sinasunthe ngakhale pang'ono.

Filimu itatsukidwa, ndinapeza kuti dijito inaonetsa bwino zimene zinali mumdima pansi pa mlatho, mabogi a sitima mpaka mawaya ake, pamene filimu inangosiyapo kuda bii. Koma pa magetsi owala kwambiri filimu ndiyo inandisangalatsa, chifukwa kuwalako kunafewa m'malo moyera mbuu, ndipo timadontho take tinapatsa nyumba za ku Newtown, kutsidya kwa mlathowu, maonekedwe akale.

Amene amajambula maukwati ndi misonkhano ya mpingo masana angathe kuisiya tripod imeneyi. Wojambula usiku, makamaka pa filimu, aigule, koma akonzekere kuifungatira pamiyendo mu minibasi yodzaza yopita ku Rosettenville.