Miyezi 15 pa galimoto yothamanga ya zitseko ziwiri: nkhani yagona pa matayala akumbuyo

Lachisanu lapitali ndagula matayala akumbuyo kachiwiri chigulireni galimotoyi. Ndikutuluka komwe amandiikira matayalawo, lisiti likadali m'manja, mnzanga wakuntchito anandiimbira foni. Akufuna kugulitsa galimoto yake kuti agule Ford Mustang GT, ija ya injini ya V8 ya malita 5. Funso lake linali limodzi: "Achimwene, kodi galimoto zoterezi munthu angamayendere tsiku ndi tsiku, kapena n'za Loweruka ndi Lamlungu basi?" Ndinamupempha kuti andipatse masiku awiri mtima uyambe wakhala pansi, chifukwa ndikanayankha pomwepo ndikanamuuza kuti asayerekeze n'komwe.

Yanga si Mustang, koma ndi ya gulu lomwelo: zitseko ziwiri, injini ya masilinda 6 yokhala ndi turbo, mphamvu yonse imapita kumatayala akumbuyo. Ndinaigula yakale kwa ogulitsa magalimoto, itayenda makilomita 38,000, ndi walanti ya chaka chimodzi, ndipo matayala onse anayi anali atangoikidwa kumene. Ndilibe galimoto ina. Ndiyomwe ndimapitira kuntchito, kogula zinthu, kokatenga mwana kusukulu, ndipo pa miyezi 15 ndawonjezerapo makilomita 21,000.

Zimene zikuyenda bwino sizifuna mawu ambiri. Injini imalira kamodzi m'mawa uliwonse ndipo sinayatsepo nyali yochenjeza. Mabuleki ndi amphamvu kuposa onse amene ndinawapondapo, kungoti akazizira amalira, ndipo fumbi lake limadetsa malimu pakangopita masiku atatu. M'buti mumalowa masutikesi awiri. Mipando yakutsogolo siyitopetsa msana ngakhale utayenda maola asanu. Yakumbuyo ndi ya mwana. Munthu wamkulu mutu umagunda denga.

Pali tizinthu tina timene munthu sangatione tsiku loyesa galimoto. Zitseko zake n'zazitali, ndiye ukaimika pothinana umatuluka chammbali, kuchokera pampando umene uli pansi kwambiri. Pamabampu ndimadutsa mopingasa, tayala limodzilimodzi, apo ayi pulasitiki yakutsogolo imakhula pansi. Giyabokosi yake ndi ija ya makalachi awiri. Pamsewu wopanda anthu imasintha magiya osamva n'komwe, koma pamndandanda wa magalimoto, pomwe umayenda mamita asanu n'kuima, imanjenjemera ndi kudumpha pang'ono, chifukwa m'katimo muli kalachi yeniyeni imene ikugwira mwatheka. Ndinazolowera kusiya mpata kutsogolo, kenako n'kuyenda kamodzi, m'malo momangokwawa. Mafuta m'tauni imamwa malita 15 pa makilomita 100 alionse, ndipo imafuna petulo wa octane yokwera. Paulendo wautali, ndikamayenda 100 kapena 110 pa ola, imatsika kufika pa malita 8 ndi theka, zimene zinandidabwitsa. Koma ulendo wanga wakuntchito ndi wa makilomita 9 okha. Oyilo amachedwa kutentha kuposa madzi a mu injini, ndipo muvi wake umafika pa madigiri 90 ine ndikulowa pageti. Ndiye kuti masiku asanu pa sabata mphamvu imene ndinalipira sindiigwiritsa ntchito, popeza injini ya turbo suyenera kuikankha oyilo asanatenthe. Oyilo wosatentha mokwanira amasunganso chinyezi ndi petulo, choncho ndimamusintha msanga kuposa mmene kompyuta ya galimotoyo imanenera. Zonsezi ndinazilandira popanda kudandaula.

Chimene chandisowetsa mtendere ndi matayala.

Kutsogolo kuli 245/40 R19, kumbuyo 275/35 R19. Kwa amene manambalawa sanawazolowere, 275 ndi mulifupi mwa tayala m'mamilimita, 35 akutanthauza kuti khoma la m'mbali mwa tayala ndi 35 peresenti ya mulifupimo, ndiye kuti mamilimita 96, ndipo 19 ndi kukula kwa limu m'mainchesi. Galimoto yanga yakale inali ndi 195/65 R15, khoma lake mamilimita 127. Masentimita atatu amene achokapowo ndi amene amachititsa kuti dzenje limene kale ndinkangolimva chapatali tsopano lizimveka mpaka m'mano. Popeza akumbuyo ndi aakulu kuposa akutsogolo, sungawasinthanitse kuti adyeke mofanana. Sipeya mulibe. Muli kabotolo ka mankhwala omatira ndi kapampu, zimene sizithandiza khoma la tayala likang'ambika.

M'mwezi wa 7, nditayenda makilomita 9,000, ndinayamba kumva kung'ung'uza kumbuyo ndikafika pa liwiro la 80. Ndikayang'ana matayala nditaimirira, ankaoneka bwinobwino, mizere yake ikadali yakuya. Tsiku lina ndikutsuka galimoto ndinagwada n'kupisa dzanja kuseri kwa tayala lakumbuyo lakumanzere, ndipo waya anandibaya chala. Ndinatenga tochi n'kugona pansi. M'mphepete mwa m'kati, malo okwana zala ziwiri kuzungulira tayala lonse, munali mutasalala mpaka mawaya kuonekera. Lakumanja linali litadyekanso m'kati, koma osafika pamenepo. Thupi linandizizira. Dzulo lake ndinali nditayenda pamvula mwana wanga ali kumbuyo, pamwamba penipeni pa tayala limenelo.

Ndinapita kwa amene anandigulitsa. Mkulu woyang'anira galaja yawo anandilandira mwaulemu, koma yankho anali nalo kale asanaone n'komwe galimoto. "Bwana, galimoto zimenezi zimatero. Zimadya matayala, makamaka phazi likakhala lolemera." Anandifotokozera za camber: matayala akumbuyo a galimoto zothamanga amawapendeketsa dala, kumwamba kumaweramira m'kati, kuti pokhota tayala lakunja ligwire msewu lonse lathunthu, koma poyenda molunjika katundu amalemera m'mphepete mwa m'kati. Zimenezo n'zoona, sindikutsutsa. Ndinawafunsa kuti nanga bwanji lakumanzere latha kuposa lakumanja, pomwe onse amayenda msewu umodzi ndi phazi limodzi. Anaikweza pamakina a alayimenti, oyezera ngati matayala aima ndi kuloza moyenera, pepala linatuluka, manambala onse obiriwira, kusonyeza kuti zonse zili bwino. Kenako anandisonyeza ndime ya mu walanti yonena kuti zinthu zimene zimatha ndi kuyenda, monga matayala ndi mapadi a mabuleki, sizili m'gulu la zolipiridwa. Ndinagula matayala awiri, chifukwa pa galimoto yamphamvu yokankha ndi kumbuyo sungaike latsopano mbali imodzi n'kusiya lakutha mbali inayo. Ndisanachoke ndinaumirira kuti dandaulo langa alilembe papepala la ntchito, ndi tsiku lake, ndi makilomita, n'kundipatsa langa. Anachita monyinyirika, koma analemba.

Kuyambira pamenepo ndinkadziimba mlandu ndekha. Mpweya ndinkayeza sabata iliyonse matayala asanatenthe. Ndinagula kachida koyezera kuya kwa mizere. Pamaloboti ndinkanyamuka mofatsa kuposa wina aliyense pamzerepo. Ndinali ndi galimoto yothamanga imene ndinkaopa kuiponda, ndipo chikondi chinayamba kuchepa. Komabe kachida kaja kankanena zomwezo mwezi ndi mwezi: kunja mamilimita 6, pakati 5, m'kati mwa lakumanzere mukutsika msanga kupita ku 1.6, pomwe pali timizere tochenjeza kuti tayala latha. Pofika mwezi wa 13 zinali zoonekeratu kuti matayala atsopano aja akutsata anzawo. Walanti inali itatha mwezi umodzi m'mbuyomo.

Ulendo uno ndinapita kwa makaniko wina woima payekha, amene ntchito yake ndi ya zapansi pa galimoto. Sanathamangire makina. Anaikweza, anatenga chitsulo chachitali n'kuchilowetsa pakati pa timikono timene timagwira tayala lakumbuyo, n'kukankha. Kumanja kunali gwa. Kumanzere tayala linagwedezeka, ine ndikuona ndi maso anga. Bushi (labala wokhala polumikizira zitsulo) ya kamkono kamene kamasunga tayala kuti liloze kutsogolo, kamene amati toe arm, inali itang'ambika m'kati. "Bwana, pamakina galimoto imakhala itangoima," anatero. "Bushi yong'ambika imabwerera pamalo pake, pepala limatuluka lobiriwira. Koma mukaponda mafuta kapena buleki, tayala limaloza kwina." Nditafika kunyumba ndinawerengera. Tayala likapotoka ndi digiri imodzi yokha, limakokedwa chammbali mamita 17 pa kilomita iliyonse. Ngakhale theka la digiri ndi mamita pafupifupi 9. Tayala lalikulu chotero, la labala wofewa wopangidwira kugwira msewu, litapendekeka kale m'kati, silingapirire zimenezo kwa makilomita masauzande. Ntchito yopeza vutoli inatenga mphindi zosakwana khumi, ndipo chida chake chinali chitsulo wamba. N'chifukwa chake zimandiwawa. Ogulitsa aja akanachita zimenezi m'mwezi wa 7, bwenzi matayala achiwiri aja ndikuyenderabe.

Ndinabwerera kwa ogulitsa ndi zithunzi za bushiyo. Mawu oyamba anali akuti walanti inatha. Ndinatulutsa pepala lija, lolembedwa ndi dzanja lawo, losonyeza kuti ndinadandaula za tayala lomweli miyezi isanu walanti isanathe. Nkhope zinasintha, koma yankho silinabwere tsiku limenelo. Panapita masabata atatu a mafoni, "abwana atuluka", "tikuimbirani mawa", galimoto ndikuiyendetsa mwamantha. Pamapeto pake anavomera kugula kamkonoko, kukaika ndi kupanganso alayimenti popanda ine kulipira. Chitsulocho chinachedwanso kufika, poti za galimoto zotere sizikhala pashelefu. Ntchitoyo anaigwira bwino, ndipo pamenepo ndikuwayamikira. Koma za matayala anakanitsitsa. Akuti matayala ndi matayala, amatha basi.

Ndiye Lachisanu lija ndinali wokwiya, ndipo ndinali nditatsimikiza kuigulitsa. Loweruka m'mamawa ndinaitenga ndekha kupita pamsewu wautali wokhotakhota, kuti ndimve ngati phokoso lija latha. Latha. Koma ndinapezanso china chimene sindinkayembekezera. Chigulireni, ndikaponda mafuta potuluka pakona, kumbuyo kunkachita kagwedegwede kakang'ono, ngati kakufuna kupita kwake, ndipo ndinkangoti ndi khalidwe la galimoto zamphamvu. Tsopano kulibe. Imatuluka pakona ili nji, chiwongolero chili phee m'manja, injini ikukoka mosalekeza kuchokera pansi mpaka pamwamba. Zikuoneka kuti bushiyo inali yotha kale tsiku limene ndinkaigula, ndipo kwa miyezi 15 sindinayendetsepo galimoto imene ndinalipira. Ndinabwerera kunyumba mtima uli mbee, maganizo ogulitsa atachoka.

Lamlungu ndinatulutsa malisiti onse n'kuwayala patebulo, ndipo chimwemwe chija chinachepa. Ndalama ya tayala limodzi lakumbuyo ikanagula matayala atatu a galimoto yanga yakale, ndipo ndagula anayi. Akutsogolo atsala pang'ono, mapadi a mabuleki nawonso. Inshuwalansi ndi yokwera, mafuta a m'tauni ndi pafupifupi kawiri a kale, oyilo ndi wodula ndipo ndimamusintha kawirikawiri. Ngakhale bushi ija ikanakhala yabwino, galimotoyi ikanandidyerabe ndalama zambiri kuposa zimene ndinakonzekera, chifukwa pogula ndinawerengera mtengo wa galimoto ndi mafuta basi.

Mnzanga uja ndamuyankha madzulo ano. Ndamuuza kuti kuyendera tsiku ndi tsiku n'kotheka, galimotoyo payokha siikana, ndipo ngati kunyumba kwake kulibe anthu akuluakulu ofunika kukhala kumbuyo, zitseko ndi mabampu adzazizolowera pa mwezi umodzi. Koma asanasaine chilichonse afunse mtengo wa matayala a saizi yake yeniyeniyo, wa mapadi ndi wa inshuwalansi, aphatikize, aone ngati angathe kutulutsa ndalama imeneyo chaka chilichonse osakhudza za pakhomo. Ngati ndi yakale, apite nayo kwa makaniko wake, osati wa ogulitsa, aikweze, apise dzanja kuseri kwa matayala akumbuyo ndi kukankha timikono tonse ndi chitsulo. Ndipo dandaulo lililonse, ngakhale laling'ono, lilembedwe papepala lokhala ndi tsiku.

Kumbali yanga, ndalembera ogulitsawo kalata yopempha kuti andibwezere theka la ndalama za matayala achiwiriwa, poti anatha chifukwa cha vuto limene iwo analiphonya walanti ikadalipo. Ndaikamo pepala la mwezi wa 7, zithunzi za bushi ndi malisiti onse awiri. Akavomera, galimotoyi ndiisunga ndipo sevisi ndizikapangitsa kwa iwo. Akakana, ndiyendera mpaka inshuwalansi ya chaka chino ithe, kenako ndiigulitsa, ndipo wogulayo ndidzamupatsa mapepala onsewa kuti adziwe chimene chinakonzedwa ndi tsiku lake.