Chaka ndi miyezi itatu tikuphikira gasi, koma mbaula sindinaitaye

Mu Novembala 2023, kwacha itagwa ndi 44 peresenti, mnyamata amene ankatibweretsera makala pa njinga kuno ku Area 25 anafika ndi mtengo wina. Thumba linali lomwe lija, pansi pake fumbi lokhalokha. Magetsi nawo anali atakwera, komanso tinali tisanaiwale za 2022, pamene namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, mdima n'kumatenga tsiku lonse. Abale athu a ku UK mtengo ukakwera amangosiya kampani iyi n'kupita kwina, koma kuno ESCOM ndi imodzi yokha. Chimene ife tikanatha kusintha ndi moto wophikira basi.

Ndinatenga ngongole ku banki m'khonde n'kugula silinda ya gasi ya makilogalamu 9, regulator (kachipangizo kochepetsa mphamvu ya gasi potuluka), payipi ndi chitofu cha mbali ziwiri. Apa ndi pamene pamapweteka. Makala umatha kugula a kajumbo tsiku ndi tsiku, koma gasi amafuna ndalama yonse pakamodzi, ndipo ndikumvetsa amene amabwerera pomwepa.

Mwezi woyamba ndinalakwitsa ndekha. Ndinkaphikapo chilichonse, nyemba, chimanga chowiritsa, ngakhale madzi osamba a ana. Silinda inatha milungu itatu isanakwane, bambo a kunyumba n'kuyamba kunena kuti tataya ndalama. Pano nyemba ndimaziviika usiku wonse, ndipo tsiku la nyemba ndimakoleza mbaula panja. Gasi ndi wa tiyi, phala, nsima, masamba, usipa ndi mazira. Tikatero, pa banja lathu la anthu asanu silinda imafika milungu isanu, ndipo thumba limodzi la makala limatha miyezi iwiri pomwe kale linkatha milungu iwiri. Ndikawerengera zonse, ndalama yopulumuka ilipo koma si yochuluka ngati mmene ena amanenera.

Phindu lenileni ndaliona m'mawa. Kale ndinkadzuka kusanache, kufunafuna jumbo yoyatsira, kukupiza ndi chivindikiro maso akutuluka misozi. Lero ndimangotembenuza kabatani, madzi a phala awira mwana asanamalize kuvala yunifolomu. Mapoto anga pansi ndi oyera. Nthawi ya mvula sindiphikiranso pakhomo utsi ukulowa m'nyumba, ndipo wamng'ono uja kutsokomola kwa usiku kunachepa.

Apongozi anga atabwera kuchokera ku Ntchisi anakana kulowa m'khitchini. "Mwanawe, chimenechi chidzatiphulikira." Ndinatenga madzi a sopo, kupaka polumikizira payipi, n'kuwauza kuti, "Amayi, pakatuluka thovu ndiye kuti pakudontha, taonani palibe." Ndinawafotokozeranso kuti gasi amamuikira dala fungo kuti akamatuluka munthu amve msanga. Tsiku lachitatu ndinawapeza akuthyakula okha nsima pamenepo, akungodandaula kuti moto wake ndi wachangu, nsima imafuna kupserera pansi. Zoona, imafuna kuchepetsa moto ukayamba kuthira ufa.

Vuto lalikulu ndi lakuti gasi amachokera kunja, amagulidwa ndi madola. Mtengo umene ogulitsa sayenera kupitirira amalengeza ndi a MERA, bungwe loyang'anira za magetsi, mafuta ndi gasi, ndipo kwacha ikagwedezeka nawonso umasuntha. Ndalama zakunja zikasowa, gasi amasowanso. Pali sabata ina imene ndinazungulira malo atatu silinda ili pa kabaza, konse akuti watha. Sabata imeneyo mbaula ndi imene inatidyetsa.

Kodi ndingabwerere ku makala okhaokha? Ayi. Ndikaona njinga zolemedwa ndi matumba zikuchokera mbali ya Dzalanyama mtima umandipweteka, ndipo thumba lililonse limene sindinagule ndimaliwerengera. Mwezi uno ndayamba kusunga ndalama ya silinda yachiwiri, yaing'ono ya makilogalamu 3, kuti yaikulu ikathera pakati pa nsima ndisamathamangirenso kwa aneba kukapala moto.